Mmene mungapezere vuto pa pampu ya pachitsime yothirira kapinga

Ma sprinkler akasiya kuwaza madzi, kapena akamangotsokomola n'kumatulutsa timadzi tosapita patali, anthu ambiri amafulumira kugamula kuti pampu yafa. Ena amaizula m'chitsime tsiku lomwelo, ena amagula yatsopano, koma pakangopita masiku ochepa amapeza kuti yatsopanoyo ikuchitanso zomwezo. Chimene chimachititsa zimenezi n'chakuti madzi asanafike pa kapinga amadutsa m'zinthu zambiri, monga valavu ya m'chitsime, mapaipi, thanki ya puresha, sefa ndi mavalavu a zigawo, kutanthauza magulu a ma sprinkler amene amathirira pamodzi, ndipo chilichonse mwa zimenezi chikawonongeka, zizindikiro zake zimafanana ndi za pampu yakufa. Malangizo awa akuyamba ndi zinthu zosavuta kufikira, ndipo kuzula pampu kwaikidwa kumapeto mwadala.

Zofunika kukhala nazo pafupi

- Multimeter yoyezera magetsi, makamaka ya mtundu wopana pa waya umene umayezanso ma amp, muyeso wa magetsi amene mota ikukoka
- Geji ya puresha ya madzi, ngati imene ili pa makina anu ndi yakale kapena yochita dzimbiri
- Geji yoyezera mpweya wa matayala, pamodzi ndi pampu ya njinga
- Ndowa ya malita 20 ndi wotchi yowerenga masekondi
- Masipanala, screwdriver ya chogwirira chosadutsa magetsi, ndi tepi yoyera yokulunga pa mazinga a mapaipi
- Chingwe chachitali chomangirira kachitsulo kunsonga, choyezera kuya kwa madzi
- Kabuku ndi cholembera, chifukwa manambala amene mupeze lero adzakuthandizani vuto likadzabweranso

Chenjezo musanagwire chilichonse

Zimitsani magetsi pa breaker, swichi yoteteza imene ili m'bokosi la magetsi, osati pa controller yokha, kabokosi koyatsa ndi kuzimitsa kuthirira pa nthawi yake, kenako tsimikizani ndi multimeter kuti m'mawaya mulibedi magetsi. Capacitor, kachitini kothandiza mota kuyamba kuzungulira, imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa zonse, choncho musagwire nsonga zake ndi zala. Pamene muyeso ukufuna kuti magetsi akhale oyaka, imani pamalo ouma, ndipo ngati simunazolowere ntchito imeneyi, isiyireni katswiri wa zamagetsi. Musalowe m'chitsime pa chifukwa chilichonse, popeza pansi pake mpweya wopuma umatha kukhala wochepa kwambiri moti munthu amakomoka asanazindikire kuti pali vuto.

1. Dziwani mtundu wa makina anu

Ngati pampu ili kunja, pafupi ndi chitsime, ndipo ili ndi paipi imodzi yokha yolowa m'chitsimemo, ndiye kuti imachita kuyamwa madzi, ndipo pampu yotere singakoke madzi amene ali pansi kupitirira mamita 7 kapena 8, kaya mota yake ikhale yaikulu bwanji. Malire amenewa amachepa ndi pafupifupi mita imodzi pa mamita 1,000 alionse amene malo akwera kuchokera pa nyanja yamchere. Ngati kunja mukuona paipi ndi waya zokha zikutuluka m'chitsime, pampu yanu ndi yomira, imene imakankha madzi kuchokera pansi.

Onaninso chimene chimayatsa pampuyo. Makina ena ali ndi thanki ndi swichi ya puresha, ndipo pampu imayaka yokha puresha ikatsika. Ena alibe thanki, m'malo mwake controller imatumiza magetsi a ma volt 24 ku relay, swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, ndipo relay ndi imene imayatsa pampu. Lembani m'kabuku kanu ma volt ndi ma amp amene alembedwa pa kachitsulo ka pa mota kapena pa bokosi lake, komanso manambala awiri amene ali mkati mwa chivundikiro cha swichi. Kawirikawiri amakhala 30/50 kapena 40/60 psi, kutanthauza pafupifupi 2.1/3.4 kapena 2.8/4.1 bar, ndipo psi ndi bar ndi miyeso ya puresha. Nambala yaing'ono ndi yoyatsira pampu, yaikulu ndi yozimitsira.

2. Gawani makina pawiri

Apa ndi pamene pali phata la ntchito yonse, ndipo munthu amene wadumpha gawo limeneli amangofufuza mumdima. Pezani valavu imene ili pa paipi yopita ku kapinga, kutsogolo kwa thanki ndi geji, ndipo itsekeni. Mukatero mwalekanitsa mbali ya chitsime ndi mbali ya kapinga. Yatsani pampu, maso anu akhale pa singano ya geji.

Ngati singano ikukwera bwinobwino mpaka pa nambala yozimitsira, pampu n'kuzima, ndipo singanoyo n'kukhala pomwepo kwa mphindi 15 osatsika, mbali ya chitsime ili bwino ndithu ndipo vuto lili ku sefa, ku mavalavu kapena ku mapaipi a m'kapinga. Ngati yafika pamwamba koma ikutsika pang'onopang'ono valavu ili chitsekere, madzi akubwerera m'chitsime, zimene zikusonyeza kuti valavu yoletsa madzi kubwerera yatha, kapena paipi ya m'chitsime yabooka. Ngati singano yakwera n'kuima panjira, pampu ikungolira osazima, ndiye kuti pampu ikulephera kupanga puresha yokwanira, ndipo zifukwa zake zili pa gawo 4, 6 ndi 7.

Chenjezo: pa makina opanda swichi ya puresha, musasiye pampu ikuyenda valavu ili yotseka kupitirira masekondi 30. Madzi akasowa kotulukira amangozungulira m'pampu n'kumatentha, ndipo amatha kufewetsa mapaipi a PVC mpaka mazinga ake kumasuka. Werengani geji msanga, muzimitse. Kumbukiraninso kuti geji nayo imanama ikakalamba: ngati singano yake sibwerera pa 0 mutatulutsa madzi onse, isintheni musanakhulupirire chilichonse chimene ikusonyeza.

3. Ngati pampu sikuyaka n'komwe

Yambirani pa breaker kapena fyuzi. Breaker ikagwa, ibwezeretseni kamodzi kokha. Ikagwanso nthawi yomweyo, pali waya amene wasupuka kapena mota yapsa, ndipo kuikakamiza kumangowonjezera chiwonongeko.

Magetsi ali ozimitsa, tsegulani chivundikiro cha swichi ya puresha n'kuyang'ana tizitsulo timene timagundana. Pampu yanga inangoti zii m'mawa wina, ndipo ndinali nditakonza kale zingwe zoti ndiizulire pamene ndinaganiza zoyamba ndatsegula swichiyo. Pakati pa tizitsulo tija panali nyerere zambirimbiri zopanikizika, zina zitapserera n'kusanduka ngati fumbi lakuda, moti tizitsulo tinkatsekeka koma magetsi osadutsa. Nditazichotsa ndi kaburashi, pampu inayaka nthawi yomweyo. Tizitsulo tikakhala takuda ndi tokumbika, gulani swichi ina, chifukwa kutipala kumangothandiza kwa masiku ochepa. Onaninso kapaipi kakang'ono kamene swichi yakhalapo, popeza kakatsekeka ndi dzimbiri kapena matope, swichi simvanso kuti puresha yatsika.

Pa makina a relay, yatsani chigawo chimodzi pa controller n'kumvetsera ngati relay ikulira kuti "thwa". Ngati ili chete, yezani ngati ma volt 24 akufika. Akakhala kuti sakufika, vuto lili ku controller, ku waya wake, kapena ku kachipangizo kozindikira mvula kamene kamaletsa kuthirira kakanyowa. Akakhala kuti akufika koma relay osatseka, relay ndiyo yafa.

Mota imene ikungong'ung'udza osazungulira, kenako n'kuzima yokha pakapita masekondi angapo, nthawi zambiri imakhala ndi capacitor yakufa. Capacitor yotupa pamwamba kapena yochucha mafuta ndi yofunika kusintha, ndipo yatsopanoyo ikhale ya manambala ofanana ndi yakaleyo. Pa pampu ya kunja, yesani kuzungulitsa shafiti ndi dzanja magetsi ali ozimitsa. Ikakana, mwina mchenga kapena dzimbiri lagwira impeller, kagudumu kamene kamakankha madzi. Yezaninso ma volt pamene mota ikuyesa kuyaka: asasiyane ndi a pa kachitsulo kupitirira 10 pa 100 alionse, kutanthauza kuti mota ya ma volt 230 iyenera kulandira pakati pa 207 ndi 253. Waya woonda woyenda mtunda wautali ndi umene umagwetsa ma volt kawirikawiri.

4. Ngati pampu ikulira koma madzi sakubwera

Izimitseni msanga. Chotsekera chimene chimaletsa madzi kudontha pa shafiti chimazizira ndi madzi omwewo, ndipo pampu ikayenda youma kwa mphindi zochepa chabe chimapsa.

Pampu ya kunja siyamwa mpweya, choncho iyenera kukhala yodzaza madzi isanayake. Masulani kachitsekero kamene kali pamwamba pa thupi la pampu, thirani madzi pang'onopang'ono mpaka asefukire, ndipo musafulumire kutseka. Yang'anitsitsani madziwo kwa mphindi zisanu. Akamaphwera, valavu ya kunsonga kwa paipi m'chitsime ikudontha, mwina chifukwa kamwala kakang'ono kaipinga kuti isatsekeke, ndipo paipiyo iyenera kutulutsidwa. Akakhala pomwepo, tsekani, yatsani, ndipo ngati madzi sanabwere mkati mwa mphindi ziwiri, zimitsani n'kudzazanso. Paipi yaitali imafuna kudzazidwa kangapo.

Vuto lovutitsa kwambiri ndi mpweya wolowera pa mfundo za paipi yoyamwa. Limasokoneza anthu chifukwa pamalopo sipadontha madzi: paipi ikukokera mkati, choncho kabowo kake kamalowetsa mpweya m'malo motulutsa madzi, ndipo kunja kumaoneka kouma. Pakani thovu lometera ndevu, kapena la sopo lokhuthala, pa mfundo iliyonse pampu ikuyenda. Pamene thovu likuboola kadzenje n'kumalowa mkati, pomwepo ndi pamene pali vuto. Masulani mfundoyo, ikulungeni tepi yatsopano motsatira kumene mazinga akulowera, n'kumanganso. Musaiwale kachitsekero kodzazira madzi ndi kena kotulutsira madzi pansi pa pampu, chifukwa nato timalowetsa mpweya.

Pampu yomira sifuna kudzazidwa. Ikamalira popanda madzi, yezani ma amp ndipo muyerekeze ndi a pa kachitsulo. Akakhala otsika kwambiri, pampu ikuzungulira popanda katundu, kutanthauza kuti madzi aphwa m'chitsime kapena ma impeller atha. Akakhala okwera kuposa olembedwa, china chake chikuigwira, kaya mchenga kaya ma bearing. Akakhala abwinobwino koma kunja madzi kulibe, ikani khutu pakamwa pa chitsime: mukamva madzi akugwa ngati mathithi, paipi yabooka kapena yaguluka.

5. Ngati pampu ikuyaka ndi kuzima pafupipafupi

Khalidwe limeneli ndi limene limapha mota zambiri, popeza mota imakoka magetsi ochuluka kwambiri nthawi imene ikuyaka, ndipo imafuna kuyenda kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo kuti kutentha kumeneko kuchoke.

Choyamba kukayikira ndi thanki. Igogodeni ndi sipanala kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Thanki yabwino imamveka yolemera kunsi ndi yopanda kanthu kumtunda, kumene kumakhala mpweya. Ikamveka yodzaza mpaka pamwamba, dinani kansonga ka valavu ya mpweya, yofanana ndi ya tayala. Pakatuluka madzi, thumba la labala la mkati lang'ambika ndipo kupopa sikungathandize. Pakatuluka mpweya, zimitsani magetsi, tsegulani mpope mpaka geji ifike pa 0, kenako yezani ndi geji ya matayala. Mpweyawo uyenera kuchepera ndi 2 psi pa nambala yoyatsira: 28 psi pa swichi ya 30/50, ndi 38 psi pa swichi ya 40/60. Onjezerani ndi pampu ya njinga ngati wachepa.

Chenjezo: anthu ambiri amayeza thanki ili ndi madzi, ndipo nambala imene amapeza imakhala ya puresha ya madzi, osati ya mpweya.

Thanki ikakhala bwino koma pampu n'kumazimazimabe nthawi yothirira yokha, chigawo chimene chikuthiriracho n'chaching'ono poyerekeza ndi pampu. Pampu yotulutsa malita 40 pa mphindi ikamadyetsa chigawo chofuna malita 15, madzi otsalawo amadzaza thanki, swichi imazimitsa, ndipo posakhalitsa imayatsanso, kubwerezabwereza mpaka nthawi yothirira itatha. Mankhwala ake ndi kuyendetsa zigawo ziwiri zazing'ono pamodzi kapena kuika ma nozzle okulirapo, timilomo totulukira madzi pa ma sprinkler, kuti pampu iziyenda mosalekeza. Ine ndimaona kuti imeneyi ndi njira yabwino kuposa kugula thanki yaikulu, chifukwa thanki yaikulu imangotalikitsa nthawi pakati pa kuyaka ndi kuzima, pamene kulinganiza zigawo kumachotseratu vutolo.

6. Ngati madzi akubwera koma ndi ofooka

Tsukani sefa kaye. Sefa yodzaza mchenga imachititsa kuti geji ya pa pampu izisonyeza puresha yokwera pamene ma sprinkler akulephera ngakhale kudzuka m'nthaka.

Kenako yezani madzi amene pampu ikutulutsa, koma muyeze moyenera. Kutsegula mpope wonse n'kudzaza ndowa kumapereka nambala yosangalatsa koma yonyenga, chifukwa pampu imatulutsa madzi ambiri ikakhala kuti sikulimbana ndi puresha. Gwiritsani ntchito mpope waukulu umene uli pafupi ndi pampu, muutseke pang'onopang'ono mpaka geji ikhazikike pa puresha imene ma sprinkler anu amafuna. Ozungulira amafuna pafupifupi 3 bar, ongowaza pamalo amodzi pafupifupi 2 bar. Singano ikakhazikika, ikani ndowa n'kuwerenga masekondi. Gawani malita ndi masekondi, yankholo mulichulukitse ndi 60. Ndowa ya malita 20 ikadzaza m'masekondi 40, ndiye kuti muli ndi malita 30 pa mphindi.

Tsopano werengani ma sprinkler a chigawo chimene chikuvuta. Ngati alipo anayi ndipo iliyonse imafuna malita 10 pa mphindi, chigawocho chikufuna malita 40, pamene inu muli ndi 30 okha. Pampu ilibe mlandu pamenepa. Chepetsani ma nozzle kapena gawani chigawocho pawiri, ndipo musiyeko malo, chigawo chisamafune madzi onse amene mwayeza. Kapinga amene ali pamtunda amalandanso puresha: mamita 10 alionse okwera amadya pafupifupi 1 bar, ndipo madzi a m'chitsime akatsika ndi mamita 10, zotsatira zake zimakhala zomwezo.

Pa pampu ya kunja ya mtundu wa jet, kabowo kakang'ono ka mkati kamene madzi amathamangiramo kakatsekeka ndi kamwala, pampu imatulutsabe madzi koma sifika pa nambala yozimitsira. Kutsegula kabowoko ndi waya woonda kumabweza puresha yonse.

7. Yesani chitsime chenichenicho

Chizindikiro cha chitsime chotopa n'chodziwikiratu: kuthirira kumayamba bwino, koma pakapita mphindi 15 kapena 20 ma sprinkler amayamba kulavula mpweya, madzi amabwera a matope, ndipo mukazimitsa kwa ola limodzi zonse zimabwerera mwakale. Pampu yowonongeka sichira ikapuma, koma chitsime chimachira.

Ngati chivundikiro chikulola, tsitsani chingwe chanu mosamala kuti chisakolane ndi waya, mulembe kuya kwa madzi pampu isanayake, kenako muyezenso ikayenda kwa mphindi 30. Madzi akamafika pafupi ndi pamene pampu imayamwira, mukuchotsa madzi ambiri kuposa amene akulowa. Konzani controller kuti izithirira mphindi zochepa n'kupumira, m'malo mothirira zigawo zonse motsatizana, ndipo ikani chipangizo chozimitsa pampu madzi akaphwa. Kutsitsa pampu kumathandiza, koma isafike pansi penipeni pomwe ingamayamwe mchenga.

8. Fufuzani mbali ya kapinga

Yendetsani zigawo chimodzichimodzi. Ngati chimodzi chokha ndi chimene chafooka, yendani motsatira paipi yake kufunafuna malo a lowe, kapinga wobiriwira kuposa mnzake, kapena sprinkler yothyoka imene ikungobulitsa madzi. Chigawo chimene sichikutseguka n'komwe, chiyeseni ndi dzanja popotoza solenoid, kachipangizo ka mawaya awiri kamene kali pamwamba pa valavu, pang'ono kumbali yomasulira. Madzi akabwera, vuto ndi la magetsi, ndipo solenoid yabwino imasonyeza ma ohm a pakati pa 20 ndi 60. Valavu imene sitsekeka bwino imachititsa kuti pampu iziyaka yokha usiku, ndipo kawirikawiri mukaitsegula mumapeza mchenga pansi pa labala wake.

9. Nthawi yozula pampu

Pampu yomira izulidwe pokhapokha ma volt ali bwino, swichi ndi capacitor zili bwino, madzi m'chitsime alimo, koma ma amp kapena puresha zikusonyezabe vuto. Paipi yodzaza madzi ndi yolemera kwambiri, choncho ntchitoyi imafuna anthu angapo kapena mmisiri wa zitsime amene ali ndi zida zake. Musakoke pampu ndi waya wa magetsi.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chimene ndachiona kwambiri ndi kumanga nati ya pa swichi pofuna kuwonjezera mphamvu ya madzi. Swichi sipanga puresha, imangouza pampu nthawi yoyaka ndi yozima. Nati yaikulu imakweza manambala onse awiri, yaing'ono imakweza yozimitsira yokha, ndipo mukakweza kupitirira pamene pampu ingafike, pampuyo siidzazimanso, izingoyenda usiku wonse madzi akutentha mkati mwake. Amene wasintha nambala yoyatsira ayeneranso kusintha mpweya wa m'thanki, koma ambiri amaiwala.

China ndi kugula pampu yaikulu chifukwa madzi achepa. Ngati vuto linali chitsime, pampu yaikulu imachiphwetsa msanga kuposa kale n'kuyamba kukoka mchenga, umene umadya ma impeller ndi kutseka ma nozzle. Ngati vuto linali mapaipi oonda, puresha yowonjezerayo imathera m'njira, ndipo pampu imayamba kuzimazima. Chimodzimodzinso kuika breaker yaikulu m'malo mwa imene ikugwa: kumachotsa chitetezo cha waya, ndipo moto ukhoza kubuka.

Ena amasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, swichi, capacitor ndi valavu, moti madzi akabwera sadziwa chimene chinali chowonongeka, ndipo akapanda kubwera sadziwa ngati awonjezera vuto lina. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani zotsatira. Enanso amawonjezera ma sprinkler awiri kapena atatu pa chigawo chakale kapinga akakula, osabwereza muyeso wa ndowa, kenako n'kumadabwa kuti a kumapeto sakudzuka.

Chomaliza chikukhudza madera amene kumazizira mpaka madzi kuundana. Madzi otsalira m'thupi la pampu ya kunja akaundana amaling'amba, ndipo mng'aluwo umadzaonekera nyengo yothirira ikayamba, pamene pampu ikukana kugwira madzi ngakhale muidzaze kangati. Nyengo yozizira isanafike, zimitsani magetsi, masulani kachitsekero ka pansi ndi ka pamwamba kuti madzi onse atuluke, ndipo tizitsekero timeneti mutisunge m'kathumba komangirira pa pampu pomwepo.